Kusonkhanitsa makatalogi akale a njinga muli ku Lilongwe

Agogo anga aamuna pobwera kuchokera ku Joni ananyamula jekete lalikulu, sutikesi yachitsulo ndi njinga ya Humber. Njingayo inatha ine ndisanaphunzire kupalasa, koma sutikesi ija inakhalabe pansi pa bedi kumudzi, kufupi ndi Mitundu. Titaitsekula agogo atatisiya, pansi pa zikalata zina tinapeza kabuku kopyapyala, masamba ake ofiirira, kodzaza zithunzi za njinga. Tsamba lililonse linali ndi njinga yake, dzina lake, kutalika kwa felemu, kukula kwa matayala ndi mtundu wa mabuleki. Kabuku kotere ndi komwe timati katalogi. Kampani yopanga njinga inkasindikiza timabukuti, kawirikawiri chaka ndi chaka, n'kutumiza kwa eni masitolo kuti wogula asankhe.

Kuyambira tsiku limenelo ndakhala ndikufunafuna mapepala otere, ndipo zimene ndikulemba pano ndi njira imene ndaona kuti imathandiza munthu wokhala mu Lilongwe muno. Dziwiranitu kuti kuno kulibe sitolo yogulitsa makatalogi akale. Mapepalawa anabwera ochepa, ndipo ambiri anadyedwa ndi chiswe, ena anakulungira fodya, ena anayatsira mbaula. Amene atsala ali m'nyumba za anthu, ndipo eni ake ambiri sadziwa n'komwe kuti ali nawo.

Yambani ndi njinga, pepala libwera pambuyo

Musanayambe kufunsa aliyense, phunzirani kuzindikira njinga zimene zinkayenda m'dziko muno. Mukapanda kutero mudzagwira katalogi yabwino m'manja osadziwa chimene mwagwira.

Njinga za makolo athu zambiri zinali za ku England. Raleigh inkapangidwa ku Nottingham, ndipo chizindikiro chake ndi mutu wa mbalame ya khosi lalitali yonga kakowa. BSA ya ku Birmingham ili ndi mfuti zitatu zotsamirana, pakuti kampaniyo inayamba ndi kupanga mfuti. Phillips ili ndi mkango. Rudge ili ndi chikhatho cha dzanja, ndipo ngakhale giya lalikulu la kumapedulo analidula m'maonekedwe a dzanja. Humber, imene akuluakulu amaitchula mwaulemu mpaka lero, mumaidziwira foloko yake ya timapaipi tiwiri mbali iliyonse, ndi tianthu togwirana manja tozungulira pa giya la kumapedulo. Panalinso Hercules, imene abale awiri a banja la Crane anaiyambitsa ku Birmingham mu 1910. Pambuyo pake kunabwera za ku India monga Hero, Atlas ndi Avon, komanso za ku China monga Phoenix ndi Flying Pigeon. Pafupifupi zonsezi zinatengera kapangidwe kamodzi: njinga yakuda, matayala a 28 x 1½, mabuleki a timitengo tachitsulo osati a waya, ndi chishalo cha masipuling'i. Yang'anani njinga za makala zolowa mumzinda m'mawa kuchokera mbali ya ku Dzalanyama, mudzaona kuti kapangidweka sikanafe.

Sankhani kampani imodzi kapena ziwiri. Ine ndinayamba ndi Humber chifukwa cha agogo, kenaka Raleigh inalowa yokha popeza inagula Humber mu 1932. Wofuna zonse nthawi imodzi amatha ndalama asanaphunzire kanthu.

Lolaninso kuti chuma chanu chisakhale makatalogi okhaokha. Mndandanda wa mitengo ya masipeyala, kabuku kolangiza kasamalidwe ka njinga, lisiti logulira, chiphaso cha msonkho wa njinga, kalendala ya m'sitolo, tsamba la nyuzipepala lotsatsa malonda, zonsezi n'zapachibale. Kwa ine lisiti lolembedwa pamanja la sitolo ya ku Old Town limaposa katalogi yokongola yochokera ku London, chifukwa limatiuza amene anagula, tsiku lake, ndi ndalama imene anatulutsa.

Kumene mungafunse

Woyamba kumuona ndi wokonza njinga wachikulire. Osati anyamata omata machubu pa siteji ya kabaza, koma mdala amene wakhala pansi pa mtengo womwewo zaka zambiri, ku Kawale, ku Mchesi, ku Area 25, ku Likuni kapena ku Lumbadzi. Pitani ndi njinga yofunikadi kukonza, ngakhale kungolimbitsa masipoko. Khalani pansi, perekani moni wonse, mulole ntchito iyambe. Nkhani ikayamba kukoma ndiye mufunse: "Bambo, kodi njinga za kale zija, za Humber, munazigwirapo?" Pamenepo simudzafunikanso kuyankhula zambiri. Adzakuuzani sitolo imene ankagula makotapini, dzina la mmwenye amene ankaoda njinga, ndi mphunzitsi wopuma pantchito amene akadali ndi Raleigh yake m'chipinda. Mawu akuti katalogi mwina sangawadziwe. Nenani kuti "kabuku ka zithunzi za njinga kamene kankakhala m'sitolo", kapena muwaonetse chithunzi pa foni.

Achiwiri ndi masitolo akale a hadiweya ndi masipeyala ku Old Town, makamaka m'mbali mwa msewu wa Malangalanga ndi kuzungulira msika waukulu. Masitolo ena akhala m'manja mwa banja limodzi kuyambira kwa agogo awo. Musapite Loweruka m'mawa kapena kumapeto kwa mwezi pamene kauntala yadzaza. Pitani pakati pa sabata masana, mugule kanthu, ndipo mupemphe kuonana ndi mwini wake osati wogulitsa. Funsani ngati kumbuyo kuli mafayilo akale a maoda. Nthawi zambiri yankho lidzakhala lakuti zinatayidwa kale. Siyani nambala yanu basi. Ine ndinaimbiridwa patatha miyezi yambiri, tsiku limene ankasesa chipinda chosungira katundu.

Ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa misewu ndi ku msika wa Tsoka auzeni chimene mukufuna, ndipo muzidutsako kawirikawiri. Makatalogi amabisala m'kati mwa mabuku ena, m'magazini akale, m'mabokosi ochokera m'nyumba za anthu amene akusamuka.

Koma malo olemera kuposa onse ndi kumudzi kwanu komwe. Amuna ambiri a m'chigawo chapakati anapita ku migodi kudzera ku Wenela, ena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, ndipo njinga inali umboni wakuti munthu sanapite pachabe. Alimi a fodya nawonso ankagula njinga akagulitsa. Aphunzitsi, akatekisiti, alaliki ndi alangizi a zaulimi onse ankayenda pa njinga, ndipo anthu amenewa ankasunga mapepala. Mukapita ku Nkhoma, ku Namitete, ku Nathenje kapena ku Nsundwe, funsani za sutikesi ya agogo. Musachite zimenezi pamaliro kapena chuma cha masiye chisanagawidwe. Dikirani, ndipo mudzere kwa mwini mbumba.

Pali mapepala ena amene simungawatenge koma mungawaone. Nyuzipepala zakale monga Nyasaland Times zinkakhala ndi malonda a njinga, ndipo zimasungidwa ku National Archives ku Zomba. Ku Mandala House ku Blantyre kuli laibulale ya Society of Malawi. Ulendo umodzi wa kumeneko, muli ndi kope ndi pensulo, udzakuphunzitsani mayina a masitolo amene ankaitanitsa njinga, ndipo mayinawo ndi amene mudzawafunefune pa zidindo za kuseri kwa makatalogi. Funsani kaye malamulo awo musanajambule chilichonse.

Kapemphedwe ndi kagulidwe

Apa ndipempha kuti mumvetsetse. Gogo akakutulutsirani kabuku kamene amuna awo anakasunga zaka makumi asanu, si katundu wa pamsika ayi. Musathamangire kutchula mtengo. Kaoneni bwinobwino, funsani nkhani yake, lembani zimene akunena. Kenaka nenani zoona: "Agogo, kabuku aka n'kosowa, ine ndimasonkhanitsa totere. Ngati simukufuna kusiyana nako, ndiloleni ndingokajambula." Ambiri amalola kujambula. Ena amapereka okha. Akapereka, musachoke chimanjamanja ngati mwatola panjira: shuga, sopo, chitenje kapena ndalama yooneka, ndipo mubwerenso ndi chithunzi chosindikizidwa cha kabukuko kuti m'nyumbamo mutsale kanthu. Kunamiza munthu wachikulire kuti "ndi chipepala chabe" pamene mukudziwa kufunika kwake ndi kuba, ndipo mbiri yotere imayenda msanga m'mudzi kuposa njinga.

Kwa wogulitsa pamsika nenererani monga mwa masiku onse. Chimene chimakweza mtengo ndi ukale, kukwanira kwa masamba, chikuto chosang'ambika, ndi chidindo cha sitolo ya kuno kwathu.

Kudziwa chaka chake

Iyi ndiyo ntchito imene ndimaikonda kwambiri, ndipo imafuna kudekha. Makatalogi ambiri salemba chaka pachikuto.

Yambani ndi tsamba lomaliza. Pansi penipeni, m'timalemba tating'ono, osindikiza ankaika dzina lawo ndi manambala, ndipo nthawi zina m'manambalamo mumakhala mwezi ndi chaka.

Mukapanda kupeza, onani ndalama. Mitengo ikalembedwa m'mapaundi, mashereni ndi mapeni, monga £15 10s 6d, pepalalo ndi la chaka cha 1971 chisanafike kapena chakumayambiriro kwa chakacho, chifukwa mu 1971 Britain inasiya mashereni, ndipo chaka chomwecho kuno tinayamba kwacha ndi tambala. Powerenga kumbukirani kuti mapeni 12 ankapanga shereni imodzi, mashereni 20 n'kupanga paundi.

Onani dzina la dziko pa adiresi ya wogulitsa kapena pa chidindo. Mawu akuti Rhodesia and Nyasaland akuloza zaka za chitaganya, 1953 mpaka 1963. Nyasaland payokha ndi Julaye 1964 asanafike. Malawi ndi kuyambira Julaye 1964. Salisbury inasintha kukhala Harare mu 1982. Makampani ena ankadzitama kuti amagulitsa njinga kunyumba yachifumu. Akatchula King George VI ngati mfumu yolamulira, pepalalo si la pambuyo pa 1952, chaka chimene mfumuyo inamwalira.

Kenaka onani makampani amene atchulidwa pamodzi. Raleigh inagula Humber mu 1932, Rudge-Whitworth mu 1943, Triumph mu 1954, ndi gawo la njinga la BSA mu 1957. Mu 1960 Raleigh yomwe inagulidwa ndi Tube Investments (TI), imene inali kale ndi Phillips ndi Hercules. Choncho katalogi ya Humber kapena ya Phillips yotchula Raleigh yadziulula yokha nyengo yake. Zilembo za TI pafupi ndi dzina la Raleigh zikutanthauza 1960 kupita mtsogolo. Chenjeraninso ndi dzina la Hercules: lilipo la ku England, liliponso la ku India lopangidwa ndi TI Cycles ku Madras, mzinda umene lero ndi Chennai. Werengani adiresi musanasangalale.

Ngati mwapeza njinga yeniyeni pamodzi ndi pepala lake, ndipo njingayo ili ndi magiya atatu a m'habu a Sturmey-Archer, pukutani habu yakumbuyo, chitsulo chapakati pa wilo, ndi kansalu ka palafini. Pachitsulopo pamadindidwa chaka ndi mwezi, monga 62 ndi 7, kutanthauza Julaye 1962. Wilo likhoza kukhala kuti linasinthidwa, koma likakhala lake lenileni mwapeza mboni yachiwiri.

Mukalemba chaka m'kaundula wanu, lembaninso chifukwa chimene mwaganizira choncho. Ngati umboni ukungoloza pakati pa 1953 ndi 1963, lembani zomwezo. Musasankhe chaka chimodzi chifukwa chikumveka bwino.

Chenicheni ndi chokopera

Ndinagulapo kabuku kwa munthu wina amene anandilumbirira kuti kanachokera m'sitolo ya atate ake. Nditafika kunyumba ndinaona kuti kanali kosindikizidwa pa makina a masiku ano, pepala lake atalidetsa dala. Zinandipweteka, makamaka chifukwa ndinali nditauza kale anzanga. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi galasi lokulitsa zinthu.

Pansi pa galasi, chithunzi chosindikizidwa kale chimaoneka timadontho toyalidwa mwadongosolo ngati mizere ya m'munda. Cha makina a inki a mu ofesi chimakhala timadontho tomwazikana, ndipo cha fotokope chimakhala ndi inki yokhala pamwamba pa pepala, yonyezimira mukapendeketsa. Yang'anani mawaya omangira pakati. Akale amachita dzimbiri, ndipo dzimbirilo limadetsa pepala pamalo pomwepo. Mukaona chithunzi cha dzimbiri koma waya ali wowala, mwagwira kope. Tochi ija yoyesera ndalama imathandizanso: mapepala ambiri a masiku ano amawala mwa mtundu wa buluu pansi pake chifukwa cha mankhwala oyeretsera, pamene mapepala a zaka za m'ma 1950 zisanafike sawala. Nunkhizaninso. Pepala lokhalitsa m'sutikesi lili ndi fungo lake.

Kope si choipa mukadziwa kuti ndi kope. Ine ndili nawo ambiri owerengera, kuti enieniwo ndisamawagwiregwire.

Za pa intaneti

Makatalogi ambiri a Raleigh ndi makampani ena anajambulidwa ndipo mungawaone pa intaneti. Tsamba la malemu Sheldon Brown, katswiri wokonza njinga wa ku America, lili ndi zambiri za Raleigh, ndipo bungwe la Veteran-Cycle Club la ku Britain lili ndi nkhokwe yaikulu ya makatalogi ojambulidwa. Gwiritsani ntchito zimenezi poyerekeza ndi chimene mwapeza. Pofufuza onjezani mawu akuti "export" kapena "roadster", chifukwa njinga zotumizidwa ku Africa nthawi zambiri zinali ndi makatalogi akeake, oonetsa mafelemu a mipiringidzo iwiri ndi makeliyala olimba, zosiyana ndi zogulitsidwa ku England.

Kugula pa msika wa pa intaneti wa eBay n'kotheka, koma ndi kusowa kwa ndalama zakunja kuno, komanso mtengo wotumizira umene nthawi zina umaposa wa kabukuko, njira yabwino ndi kudzera mwa m'bale amene ali ku UK kapena ku South Africa. Atumizireni kwa iye, adzabwere nako m'chikwama cha m'manja, atakaika pakati pa makatoni awiri olimba. Musanalipire pemphani zithunzi za tsamba lomaliza ndi za pakati pamene pali mawaya.

Kasungidwe m'nyengo yathu

Kupeza n'kovuta, koma kuwononga n'kosavuta. Adani a pepala mu Lilongwe ndi chinyezi cha dzinja kuyambira Novembala mpaka Epulo, kutentha kwa Okutobala pansi pa malata, fumbi la chilimwe, chiswe, mphemvu ndi makoswe.

Chimene mwangobwera nacho musachiphatikize ndi zinzake tsiku lomwelo. Chiyaleni pamthunzi podutsa mphepo, osati padzuwa. Ngati chili ndi nkhungu, dikirani chiume, mutuluke nacho panja, mutseke mphuno ndi pakamwa, n'kusesa pang'onopang'ono ndi kaburashi kofewa. Musapukute ndi nsalu yonyowa. Mukaona timabowo ta tizilombo, ikani kabukuko kali kouma m'pulasitiki yotseka bwino, muike mufiriza kwa sabata imodzi pa nthawi imene magetsi sakuzimazima, ndipo potulutsa musatsekule pulasitikiyo mpaka kuzizira kutatheratu, kuti mame agwere kunja osati papepala.

Pali zinthu zitatu zimene ndikukupemphani kuti musachite. Musamate selotepi pong'ambika, chifukwa pakapita zaka imasanduka yachikasu n'kusiya banga losachoka. Musapite nako kokamata pulasitiki yotentha ija ya laminating. Anthu ambiri kuno amaganiza kuti kumeneko ndiko kusamala, koma kutentha ndi guluu zimalowa m'pepala ndipo simungazibwezenso. Musalembepo ndi bolopeni. Nambala yanu ilembeni ndi pensulo yofewa, pakona ya kuseri.

Katalogi iliyonse ikhale m'thumba lakelake la pulasitiki yopyapyala ya m'mafayilo, yopanda fungo. Pulasitiki yokhuthala yonunkha ngati mpira imamata inki. Musatseke thumbalo kotheratu. Nyuzipepala ndi maenvelopu a khaki zisakhudzane ndi makatalogi, chifukwa zili ndi asidi amene amafiiritsa pepala loyandikana nalo. Ngati mawaya adya kwambiri pepala, awongoleni mosamala n'kuwachotsa, masambawo muwasunge m'dongosolo lake m'kati mwa pepala loyera lopinda pakati.

Agonekeni chafulati m'bokosi lachitsulo lotseka bwino, aakulu pansi, aang'ono pamwamba. Bokosilo lisakhale pansi pa simenti kapena kutsamira khoma, chifukwa chiswe chimadzera momwemo. Liikeni pa shelefu, m'chipinda chapakati, kutali ndi khitchini ndi bafa. Timapaketi toyamwa chinyezi timene timabwera m'mabokosi a nsapato tisonkhanitseni n'kuponyamo, ndipo muzitiyanika nthawi ndi nthawi. M'dzinja tsekulani bokosilo kamodzi pamwezi, tsiku lopanda mvula, muone ngati muli alendo.

Kaundula

Gulani kope lachikuto cholimba. Chilichonse chimene mwapeza chipatseni nambala, ndipo mulembe kampani, chaka kapena nyengo yake, chiwerengero cha masamba, muyezo wake m'masentimita, zilema zake, kumene munachipeza, tsiku, ndi zimene mwini wake anakuuzani. Gawo lomalizali ndilo limatayika msanga. Katalogi ya Raleigh yofanana ndi yanu ilipo ku Nottingham, koma nkhani yakuti mwini wake anapalasa njingayo kuchoka ku Kasiya kudzagula mbewu ku Lilongwe, kapena kuti inanyamulapo mayi woyembekezera usiku kupita kuchipatala cha mishoni, ili ndi inu nokha.

Jambulani tsamba lililonse ndi foni pafupi ndi zenera, popanda kuwala kwa fulashi, kabukuko katagona pa nsalu yakuda. Musakanikize pakati kuti katambasuke. Zithunzizo zisungeni malo awiri, pafoni ndi pa kompyuta kapena pa imelo.

Mukatero sindikizani masamba angapo n'kubwerera nawo kwa mdala wokonza njinga uja. Ine nditapita ndi tsamba la Humber, bamboyo anapukuta manja pa ovolosi, nalozetsa chala pa foloko, n'kundiuza kuti felemu yotero ikadalipo kwa mlamu wawo ku Mpingu, yapachikidwa m'khola la mbuzi. Tinapangana kupita limodzi mvula ikatha, ndipo ndagula kale palafini wopukutira habu.